Maina akatuluka Lachinayi: mmene mungawerengere timu ya AFL masewero asanayambe

Wowerenga wina amene akukhala ku Melbourne watilembera za AFL, ligi yaikulu ya mpira wa mtundu wa ku Australia umene umaseweredwa ndi manja ndi miyendo, motere: "Ndatha chaka ndi theka kuno. Kuntchito anandilowetsa mumpikisano wolosera matimu amene apambane mu AFL sabata iliyonse, umene eni ake amati tipping, ndipo ndinasankha timu yoti ndiziichemerera. Koma maina a osewera akangotuluka, anzanga amakangana mpaka tiyi kuzizira, ine n'kumangowayang'ana. Sabata ino timu yanga yasiya mnyamata amene anagwira mpira kambirimbiri pamasewero apitawa, n'kuika chimunthu chachitali chimene chakhala chikusewera kutimu yachiwiri. Tagonjanso masewero awiri mwa atatu apitawa, ndipo anzanga akuti tatha basi. Kwathu mikangano ya Bullets ndi Wanderers ndinkaitha, koma kuno ndasowa pogwira. Kodi mphunzitsi amaona chiyani chimene ife sitiona? Nanga fomu ya timu tiziiyeza bwanji?"

Achimwene, funso lanu ndalikonda chifukwa lafika penipeni pamene pagona masewero amenewa. Ochemerera ambiri amatenga mndandanda wa Lachinayi ngati pepala la zotsatira za mayeso: amene anachita bwino sabata yatha akhale, amene analephera atuluke. Mphunzitsi ndi omuthandiza ake akamaulemba maso awo amakhala pa timu imene akukumana nayo kumapeto kwa sabatayi, pa bwalo limene akasewerepo, ndi pa ntchito zimene ziyenera kugwiridwa kuti mdaniyo asapume. Dzina lililonse lili pamenepo chifukwa cha ntchito inayake. Mukadziwa ntchitoyo, zosankha zambiri zimene zimaoneka ngati zamisala zimayamba kumveka.

Tiyambe ndi pepalalo. Timu iliyonse imalowetsa osewera 18 m'bwalo nthawi imodzi, koma imatchula 23. Otsalawo amakhala pa benchi, ndipo apa m'pamene munthu wozolowera mpira wamiyendo amasokonekera, chifukwa mu AFL wosewera akatuluka amabwereranso. Amapuma mphindi zochepa, amwa madzi, n'kulowanso, malinga timu isapyole malire a kusinthana maulendo 75 pamasewero onse. Ndiye munthu akalembedwa pa benchi sikuti wachotsedwa ulemu. Akatswiri ena amayambira pomwepo. Pansi pake pamalembedwa osewera ena odikirira, amene amatchedwa emergencies. Matimu ambiri amatulutsa maina Lachinayi itangodutsa 6 koloko madzulo, koma amaloledwa kusintha mpaka kutatsala pafupifupi ola limodzi kuti masewero ayambe. Chotero mukaona dzina la munthu wamtali pakati pa odikirirawo pamene wamtali wa m'timu wakhala akutsimphina sabata yonse, dziwani kuti nkhani sinathe.

Pambali pa dzina la aliyense wotuluka amalembapo chifukwa. Akalemba omitted, ameneyo wasiyidwa ali bwinobwino, ndipo mikangano yonse imabukira pamenepa. Akalemba managed, akumupumitsa kuti thupi lisatope, kawirikawiri amakhala wamkulu msinkhu kapena mwana wa chaka choyamba. Wina amatuluka chifukwa choletsedwa atachita zosayenera m'bwalo, wina chifukwa chovulala. Amene wagundidwa m'mutu mpaka ubongo kugwedezeka saloledwa kusewera kwa masiku osachepera 12, lamulo limene AFL inakhazikitsa mu 2021, ndipo pamenepo ngakhale mphunzitsi atamufuna bwanji alibe chonena.

Nkhani yanu ya chimunthu chachitali ndiiyankha ndi zimene zinachitika pa fainali ya 2023, chifukwa sindidziwa chitsanzo china chooneka bwino kuposa chimenechi.

Collingwood inafika pa fainali itagonjetsa GWS Giants ndi pointi imodzi yokha, 58 kwa 57. Pamasewero omwewo Dan McStay, mmodzi mwa osewera ake aatali akutsogolo, anavulala bondo. Taylor Adams, wosewera pakati wolimba mtima, anali kale kunja ndi vuto la mnofu wa kuseri kwa ntchafu. Sabata yonse mzinda unali pa mkangano umodzi: alowe ndani m'malo mwa McStay? Ambiri amafuna John Noble, wotchinga kumbuyo wamfupi komanso waliwiro, amene anasewera masewero onse a ligi chaka chimenecho koma anasiyidwa itayamba ndime yomaliza, ya matimu olimbirana chikho. Anthu anamumvera chisoni, ndipo anali ndi chifukwa. Koma mphunzitsi Craig McRae anatenga Billy Frampton, mnyamata wa msinkhu pafupifupi mamita awiri, wozolowera kutchinga kumbuyo, amene sanasewere nawo masewero awiri oyamba a ndime yomalizayo. Kuwonjezera apo anamuika kutsogolo.

Chifukwa chake chinali munthu mmodzi wa Brisbane Lions, adani awo pa fainaliyo: Harris Andrews. Andrews ndi wotchinga kumbuyo wamtali amene luso lake lalikulu ndi kuwerenga mpira uli m'mwamba. Amasiya munthu wake, n'kudumphira pamene mpira ukutera, kuugwira kapena kuumenya ndi chibakera, ndipo kuukira kwanu kwathera pomwepo. Collingwood ikanalowa ndi anthu aafupi okhaokha kutsogolo, Andrews akanakhala mfulu tsiku lonse, kumangotola mipira ngati mango akugwa. Frampton anapatsidwa ntchito yomumatirira, kumukokera kutali ndi pamene mpira ukupita, ndi kulimbana naye m'mwamba kuti mpirawo ugwe pansi, pamene anyamata aafupi othamanga amaudikirira.

Pa 30 September 2023, pamaso pa anthu 100,024 pa bwalo la MCG ku Melbourne, Frampton anamaliza masewero ndi ma disposal awiri okha, ndiko kuti anapereka mpira kawiri kokha, pomenya ndi mwendo kapena ndi dzanja. Anagwetsanso mipira ina imene akanayenera kugwira, ndipo ochemerera ena anagwira kumutu. Munthu woyang'ana manambala okha anganene kuti Collingwood inasewera ndi anthu 17. Koma Bobby Hill, wamfupi uja wodikirira pansi, anamwetsa zigoli zinayi n'kulandira Norm Smith Medal, mphoto ya wosewera bwino koposa pa fainali. Collingwood inapambana ndi mapointi anayi, 90 kwa 86. Anthu akukanganabe mpaka lero ngati Frampton anathandizadi kapena anangopulumutsidwa ndi anzake. Ine ndili kumbali ya McRae. Andrews anaonekera kwambiri chakumapeto, koma kwa nthawi yaitali ya masewerowo anali ndi munthu pakhosi pake, ndipo pamasewero osiyana mapointi anayi, mipira iwiri kapena itatu imene iye sanadule ndi yokwanira kusintha mwini chikho.

Tsono mnyamata wanu amene wasiyidwa atagwira mpira kambirimbiri. Nambala ya ma disposal imanyenga kwambiri ongoyamba kumene. Wotchinga kumbuyo akhoza kufika 25 pongopatsirana mipira yaifupi ndi mnzake m'mbali mwa bwalo, mdani ali phee kuwayang'ana chifukwa mpirawo sukupita kulikonse. Aphunzitsi amaonera kanema wojambulidwa kuchokera kuseri kwa zigoli, woonetsa bwalo lonse, ndipo m'menemo amaona zimene wailesi yakanema sionetsa: ndani anathamanga kubwerera mpira utatayika, ndani anasiya munthu wake, ndani anayima pamalo pamene anauzidwa. Ndaonapo wosewera akutamandidwa ndi ochemerera Loweruka, Lolemba n'kuonetsedwa zigoli zitatu zimene zinamwetsedwa ndi munthu amene iye amayenera kumulonda. Mukadzapita kubwalo, khalani m'mwamba, musankhe wosewera mmodzi, mumutsatire ndi maso kwa mphindi khumi osayang'ana mpira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzabwerako ndi masewero ena amene simunawaonepo.

Palinso nkhani ya kachulukidwe ka aatali. Timu imafuna ruckman, amene amalimbirana mpira woimbira akauponya m'mwamba, komanso aatali awiri kapena atatu kumbuyo ndi enanso kutsogolo. Akachuluka, timu imalemera miyendo ndipo mpira ukagwa pansi imatsala m'mbuyo. Akachepa, mdani amagwira mipira yonse ya m'mwamba. Mvula ikamayembekezeka, mpira umaterera ndipo ovutika ndi aatali, ndiye si zachilendo kuona wamtali akuchotsedwa mphindi zomaliza n'kulowa wamfupi wolimbana pansi. Pa Marvel Stadium pali denga, kotero nkhani ya mvula palibe. MCG ndi yotambalala m'mbali ndipo imafuna othamanga. Bwalo la Geelong ku Kardinia Park ndi lalitali koma lopapatiza. La SCG ku Sydney ndi lalifupi. Timu yomweyomweyo ikhoza kusintha anthu awiri chifukwa cha bwalo lokha.

Mkangano wopweteka kwambiri ndi wa katswiri wovulala amene akuti "ndili bwino, ndisewera". Wosewera aliyense amanena choncho, makamaka fainali ikayandikira, ndipo sindimuimba mlandu. Mu 2022 Sydney Swans inalowetsa Sam Reid pa fainali ali ndi vuto la mnofu wa m'kati mwa ntchafu, limene analitenga sabata yapitayo. Sanathe kuthamanga monga mwa nthawi zonse, anatulutsidwa theka lachiwiri litangoyamba, ndipo Geelong inapambana ndi mapointi 81. Mphunzitsi John Longmire anavomera pambuyo pake kuti analakwitsa. Reid sanali chifukwa cha mapointi 81 onsewo, koma taonani zimene Geelong inachita sabata yomweyo: Max Holmes, amene naye anali ndi vuto la mnofu wa ntchafu, anasiyidwa, n'kulowa Mark O'Connor wathanzi.

Wina anganene kuti nanga Lachie Neale wa Brisbane mu 2025? N'zoona. Neale anavulala katumba wa mwendo kumayambiriro kwa ndime yomaliza, anthu n'kuganiza kuti chaka chake chatha, koma mphunzitsi wake Chris Fagan anamubwezera pa fainali yolimbana ndi Geelong. Kusiyana kwake n'kwakuti anamuika ngati sub, wosewera wapadera amene ankadikirira kunja mpaka atafunika. Analowa theka lachiwiri matimu ali ofanana mapointi, anamwetsa chigoli, ndipo Brisbane inapambana ndi mapointi 47. Fagan anapempha kwa mwendo wovulalawo theka la masewero lokha. Lamulo la sub linachotsedwa chaka cha 2025 chitatha, moti onse asanu a pa benchi tsopano amasinthana momasuka, ndipo njira yomubisira munthu theka lonse ngati imeneyo yavuta. Maganizo anga ndi akuti pa mnofu wong'ambika, makamaka wa kuseri kwa ntchafu, wathanzi wa luso lochepa amaposa katswiri wa mwendo umodzi. Bwalo la AFL ndi lalikulu kwambiri moti palibe pobisala.

Pa fainali ya 2023 ija panachitikanso chinthu chimene sindiiwala. Nathan Murphy wa Collingwood anagundidwa m'mutu chigawo choyamba mwa zigawo zinayi za masewero. Anayesedwa, koma iye mwini anauza madokotala kuti maso sakuona bwino, ndipo sanabwererenso m'bwalo. Patrick Lipinski, amene anali sub, analowa. Mnyamata wa zaka za m'ma 20 anadzichotsa yekha pa masewero amene anawalota moyo wake wonse. Chaka chotsatira anasiya mpira kotheratu pa uphungu wa madokotala, monga anachitiranso Angus Brayshaw wa Melbourne. Choncho anzanu akamadandaula kuti "bwanji akumusunga, si wangogundidwa pang'ono", musagwirizane nawo.

Tibwere ku fomu. Kugonja kawiri mwa katatu kumauza munthu zochepa kwambiri pakokha. Collingwood ya 2023 yomweyo inagonja masewero atatu mwa asanu omaliza a ligi: kwa Carlton, kwa Hawthorn imene inathera pa nambala 16, ndi kwa Brisbane. Brisbane inali itaigonjetsa kawiri chaka chimenecho, ndi mapointi 33 pa bwalo lakwawo la Gabba ndi 24 pa Marvel Stadium. Amene ankangowerenga zotsatira ankati Collingwood yatha mpweya. Koma pa masewero a Hawthorn, Nick Daicos anavulala bondo, ndipo sabata yotsatira kaputeni Darcy Moore anavulala mnofu wa ntchafu. Timu imene Brisbane inagonjetsa pa Marvel inalibe anthu awiriwa. Pofika pa fainali onse anali atabwerera, ndipo masewero anali pa MCG, kwawo kwa Collingwood, osati pa Gabba pamene Brisbane sinagonje ngakhale kamodzi chaka chonsecho.

Ndiye mukamva kuti timu yagonja, funsani kuti yagonja kwa yani, kuti, ndipo kunalibe ndani. Kenako yang'anani mmene mapointi analembedwera. Chigoli ndi mapointi 6, behind (mpira ukadutsa pambali pa chigoli, pakati pa mtengo waukulu ndi waung'ono) ndi pointi imodzi. Pa fainali ija Collingwood inali ndi zigoli 12 ndi ma behind 18 pamene Brisbane inali ndi zigoli 13 ndi ma behind 8. Brisbane inamwetsa zigoli zambiri, koma Collingwood inapeza mapointi maulendo 30 pamene Brisbane inapeza maulendo 21. Timu imene yagonja ndi mapointi ochepa koma ili ndi ma behind ambiri, nthawi zambiri inasewera bwino n'kuphonya polunjika, ndipo vuto limenelo limatha kusintha sabata imodzi. Imene yapambana chifukwa chilichonse chimene inamenya chinalowa, musaikhulupirire msanga. Onaninso maulendo amene timu inalowetsa mpira m'dera la mamita 50 pafupi ndi zigoli za mdani, amene amalembedwa kuti inside 50s. Ngati timu yanu ikulowamo kwambiri kuposa adani koma mapointi osabwera, vuto lili kutsogolo, ndipo mwina n'chifukwa chake aitana wamtali uja. Ngati sikulowamo n'komwe, vuto lili pakati, ndipo wamtali wakutsogolo sangalithetse.

Masiku opuma nawo amawerengedwa. Timu yosewera patangopita masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, mdani atapuma asanu ndi atatu, imaonekera chigawo chomaliza miyendo ikayamba kulemera. West Coast ndi Fremantle amauluka maola pafupifupi anayi kuchoka ku Perth kudzasewera ku Melbourne, ndipo matimu a ku Melbourne akapita kumeneko amavutika chimodzimodzi.

Za kutimu yachiwiri musazipeputse. Osewera a matimu a ku Victoria, New South Wales ndi Queensland amene sanasankhidwe amasewera mu ligi yaing'ono ya VFL, a ku Adelaide mu ya SANFL, a ku Perth mu ya WAFL. Liwiro la kumeneko ndi locheperapo, motero wosewera pakati wogwira mipira yambiri mu VFL sikuti achitanso chimodzimodzi pamwamba. Koma wamtali amene wakhala akugwira mipira ya m'mwamba ali pakati pa anthu kwa masabata atatu kapena anayi, luso limenelo amapita nalo. Mu 2024 ruckman wa Brisbane, Oscar McInerney, anaguluka phewa kutatsala sabata imodzi kuti fainali ichitike. Analowa Darcy Fort, amene anakhala kunja kwa timu yoyamba pafupifupi chaka chonse. Anagwira ntchito yake mosadzionetsera, ndipo Brisbane inagonjetsa Sydney ndi mapointi 60.

Ndikuuzeninso mbali imene ochemerera saiona. Kwa zaka zingapo ndinathandiza kusankha timu pa kalabu ina yaing'ono ya m'dera, kumene Lachinayi usiku anyamata akamaliza zokonzekera amadyera pamodzi, kenako maina amawerengedwa. Tinkakhala anthu anayi m'kachipinda kozizira, patebulo pali bolodi la timaginito tolembedwa maina, poti mutu umodzi susenza denga. Usiku wina kaginito kamodzi kanayenda m'manja mwa aliyense kwa theka la ola. Kanali ka mnyamata amene sanajombepo chaka chonse, woyamba kufika, womaliza kuchoka, wotola mipira anzake atapita. Mdani wathu anali ndi aatali atatu kutsogolo, ife tinali ndi awiri kumbuyo, ndipo malo analipo amodzi. Ndinatuluka kukamuitana asanakhale pachakudya, chifukwa nkhani yotere munthu sayenera kuimvera pagulu. Anali atavula nsapato imodzi, ina ili kuphazi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati angadzanyamule madzi Loweruka. Anabweradi, ndipo anathamanga ndi mabotolo masewero onse. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona mawu oti omitted pambali pa dzina, ndimadziwa kuti kwinakwake munthu waitanidwa pambali. Kanganani ndi anzanu mmene mungathere, masewerowa amakoma ndi mkangano, koma musanyoze wosiyidwayo kapena wolowa m'malo mwake.

Pa timu yanu sabata ino, chitani izi masewero asanafike. Tsegulani mndandanda wa adani anu, muwerenge aatali amene ali kutsogolo kwawo ndi kumbuyo kwawo. Ngati ali ndi atatu kutsogolo pamene inu munali ndi awiri owalonda, chimunthu chanu chabwera kudzatchinga. Ngati ali ndi wotchinga wodula mipira ngati Andrews, mwina chabwera kudzamumatirira. Onani nyengo ya tsikulo, ndipo muonenso maina kutatsala ola limodzi, chifukwa mvula ikagwa mnyamata wanu uja akhoza kubwerera. Masewero akayamba, mphindi zisanu zoyamba musatsatire mpira. Pezani wamtaliyo, muone amene wayima naye phewa ndi phewa, ndipo muwerenge maulendo amene mdani wakeyo wagwira mpira m'mwamba pofika kumapeto kwa chigawo choyamba. Nambala imeneyo ndi imene mukapite nayo kuntchito Lolemba.